Khansa ya prostate ndi njira ya HIFU: alipo pagulu pano amene anadutsamo?

Lachiwiri madzulo

A Mbewe, Rosettenville:
Mwaswera bwanji nonse. Uthengawu ndakhala ndikulemba n'kufufuta kuyambira Lamulungu, lero ndangolimba mtima kuti ndiutumize. Mwezi wathawu andipeza ndi khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Ndili ndi zaka 59. Palibe pamene pankandipweteka, kungoti usiku ndimadzuka katatu kukataya madzi, ndiye mayi akunyumba anandiumiriza kuti ndikayezetse. PSA, muyeso wa m'magazi umene umakwera prostate ikakhala ndi vuto, inatuluka 7.8. Anandijambula mkati ndi makina a MRI, kenako biopsy (kutapa kamnofu kuti akakayeze), ndipo papepala alemba Gleason 3+4, umene ndi muyeso wa ukali wa khansayo, mbali yakumanzere yokha. Adokotala anditchulira opaleshoni yochotsa prostate yonse, radiotherapy (kupha khansa ndi cheza champhamvu), ndi njira ina imene akuti HIFU, yowotcha pokhapo pamene pali khansa osang'amba thupi. Mtima wanga wathamangira kwa HIFU-yo chifukwa mpeni ndimauopa. Koma zimene ndikuwerenga pa intaneti ndi za azungu a kutali. Ndikufuna kumva kwa munthu wakwathu amene ali kuno ku South Africa, wolankhula chilankhulo changa. Alipo?

Nabanda, Yeoville:
Pepani kwambiri a Mbewe. Mwachita bwino kulankhula. Tikukuikani m'mapemphero pamodzi ndi mayi.

Che Yusufu, Mayfair:
Pepani achimwene. Nkhaniyi inenso ikundikhudza, ndifunsa zanga ena akayankha.

A Chirwa, Randburg:
A Mbewe, ndilipo ine. Pagulu pano amene ankadziwa ndi anthu awiri okha, koma poti mwayamba ndinu, nanenso ndimasuke. Ndinapangidwa HIFU mu 2021, ndili ndi zaka 62, pa chipatala china cha pulaiveti. Zanga zinkafanana ndi zanuzo, 3+4, koma kumanja, PSA 6.4. Ndikufotokozerani mmene zinayendera, zabwino ndi zowawa zomwe, chifukwa ine kunalibe wondiuza.

Anandiletsa kudya kuyambira pakati pa usiku. Mmawa anandipatsa mankhwala otsuka m'matumbo, chifukwa chida chake amachilowetsa kudzera kunjira ya chimbudzi. Anandigoneka tulo, ndipo akuti ntchito yonse inatenga maola awiri. Podzuka ndinadzifufuza thupi lonse, panalibe bala, panalibe ulusi. Chimene ndinachipeza ndi paipi ya mkodzo yolumikiza ku kathumba komangirira pamwendo. Madzulo a tsiku lomwelo ndinagona kwathu.

Ululu wa kuwotchako sunali waukulu, Panado ankakwanira. Chimene chinandizunza ndi paipi. Chikhodzodzo chimakoka ngati munthu wagwidwa ndi mkodzo woopsa, koma sungachite kanthu poti paipi ili momwemo. Kukhala pampando wouma kunali kovuta, za minibasi musanene n'komwe. Ndinakhala nayo masiku 7. Atachotsa ndinati basi ndapulumuka, koma mkodzo unkatuluka mofooka, nthawi zina ndi magazi, nthawi zina ndi tizidutswa ngati ta nyama yophika. Akuti ndi mnofu wakufa umene thupi likutaya. Usiku wina tizidutswato tinatseka njira. Mimba inafufuma, thukuta kamukamu, dontho osatuluka. Mayi anandithamangitsira kuchipatala cha m'ma 2 koloko usiku, n'kundibwezera paipi masiku ena 5. Ku ntchito ndinabwerera patatha masabata atatu.

A Mbewe, Rosettenville:
Zikomo akulu. Ndawerenga kawiri. Ndikufunseni mosabisa, poti tonse ndife akuluakulu. Mkodzo umakuthawani? Nanga za kuchipinda?

A Chirwa, Randburg:
Funsani, n'chifukwa chake ndadziulula. Mkodzo sunandithawepo, thewera sindinavalepo ngakhale tsiku limodzi. Za kuchipinda zinazima pafupifupi miyezi iwiri, kenako zinabwerera, poyamba mothandizidwa ndi mapiritsi amene adokotala anandilembera. Chimene sichinabwerere ndi umuna, umatuluka wochepa kwambiri. Kwa ine wa zidzukulu zinayi si nkhani, koma amene akufunabe mwana ayambe wafunsa.

Koma musathamange, nkhani yanga sinathere pamenepo. Ndimalize mawa, panopa ndili pa ntchito ya usiku.

Nachisale, Randburg:
Ine ndine mayi a kunyumba kwa a Chirwa. Mundilole ndilankhule ndi amayi anzanga, makamaka mayi Mbewe ngati akuwerenga. Masiku a paipi aja ntchito imagwera ife. Kukhuthula kathumba, kusintha n'kuika kathumba kakakulu ka usiku, kuona mtundu wa mkodzo, kuwakumbutsa kumwa madzi pafupipafupi. Gulanitu pulasitiki yoyala pamatiresi ndi mabuluku otakasuka. Ndipo thupi likatentha kapena ayamba kunjenjemera, musadikire kuche, pitani nawo. Bambo anadwalapo matenda a m'njira ya mkodzo sabata yachitatu, ine ndinkangoti ndi chimfine.

Chinanso, abambo akakhala chete masiku amenewo si kuti akwiya nanu. Amakhala akuopa kuti mwina agwa mu mpapaya mpaka kalekale, koma pakamwa sanena. Ine ndinachita kuwayamba ndekha, n'kuwauza kuti ndinakwatiwa ndi munthu yense, osati chiwalo chimodzi.

Nabanda, Yeoville:
Mayi Nachisale, Mulungu akudalitseni chifukwa cha mawu amenewa.

Lachitatu mmawa

Sisitala Nankhoma, Kempton Park:
Mwadzuka bwanji. Ndaona nkhaniyi nditaweruka. Ndine nesi, ndagwirapo zaka zingapo ku wodi ya matenda a mkodzo. Sindine dokotala wanu a Mbewe, ndipo mapepala anu sindinawaone, koma ndingathandize kuti mukabwerera kwa adokotala mukafunse zenizeni.

Mukukumbuka tili ana tinkatenga galasi lokuzira zinthu n'kusonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi mpaka pepala kufuka utsi? HIFU imagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa dzuwa ndi mafunde a ultrasound, omwe aja timaunikira nawo amayi oyembekezera, koma amphamvu kwambiri. Kumene mafundewo akudutsa sawononga, koma pamene akumana pamatentha kupitirira madigiri 80, ndipo mnofu wa pamenepo umafa. Kuwotcha kumodzi kumapha kamalo kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndiye makina amabwereza kambirimbiri, mzere ndi mzere, mpaka atamaliza pamene adokotala alemba pa kompyuta. Chidacho chimakhala ndi madzi ozizira oteteza khoma la thumbo kuti lisapse. Njirayi inakulira ku Lyon ku France m'zaka za m'ma 1990. Makina odziwika ndi Ablatherm ndi Focal One a ku France, komanso Sonablate a ku America. Ku America komweko boma linaloleza njirayi mu 2015.

Tsono si mwamuna aliyense amene ingamuthandize. Khansa iyenera kukhala isanatuluke mu prostate, ndipo izioneka bwino pa MRI kuti ili apa. Prostate ikakula kwambiri, mafunde safika kutsogolo kwake, poti amachokera kumbuyo. Mukakhala timiyala ta kashiamu mkati, timatchinga mafunde. Amene anachitidwapo opaleshoni yaikulu ya kunjira ya chimbudzi nthawi zambiri sizitheka. Ndiye kafunseni zinthu izi: prostate yanga ndi yaikulu bwanji, chotupacho chili kumbuyo kapena kutsogolo, timiyala tilimo, muwotcha mbali imodzi kapena yonse, ndipo inuyo adokotala mwapanga anthu angati ndi makina amenewa. Funso lomalizali musachite nalo manyazi.

A Kamanga, Tembisa:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndaona kuti opaleshoni ikuoneka ngati chilombo pano, ndiye ndiyankhulepo. Ine anandichotsa prostate yonse mu 2019. Sindinama, zinali zowawa. Matewera ndinavala miyezi 5, munthu wamkulu ngati ine, ndipo kutchalitchi ndinasiya kaye kupita. Za kuchipinda sizinabwerere ngati kale mpaka lero. Koma PSA yanga chichokereni nthawi imeneyo siipezeka n'komwe m'magazi. Ndikapita kokayezetsa mtima sugunda. Chinthucho anachitulutsa, anachiika pa mbale, anachiyeza chonse, n'kundiuza kuti m'mbali mwake munalibe khansa. Inu a HIFU mumasiya theka la prostate m'thupi. Kodi mumagona tulo?

A Chirwa, Randburg:
A Kamanga, funso lanulo ndi lomwe ndimati ndidzamalizire lero. Ayi, tulo sindinkagona bwino sabata iliyonse yokatenga zotsatira.

Pambuyo pa HIFU, PSA siifika pa ziro poti mbali yotsalayo ikugwirabe ntchito. Yanga inatsika kufika 1.9. Ndinkayezetsa miyezi itatu iliyonse, MRI patatha chaka, zonse bwinobwino. Chaka chachiwiri ndinayamba kutayirira, ndinadumphitsa ulendo umodzi, kenako wina, ndikudziuza kuti ndinachira. Kumayambiriro kwa 2024 mayi anandikoka dzanja, tikupeza PSA yakwera kufika 4.1. MRI ina, biopsy ina. Kumene anawotcha kuja kunali koyera, koma khansa inali itamera kumanzere, mbali imene anaisiya. Ulendo uno anandipanga radiotherapy masiku 20 ndi jakisoni wochepetsa mphamvu yachimuna kwa miyezi 6. Jakisoni ameneyo ndi amene anandifooketsa kuposa zonse, thupi kumangotentha mwadzidzidzi usiku ngati amayi amene akusiya kusamba. Panopa ndili bwino, PSA ili pansi.

Mukandifunsa ngati ndikudandaula kuti ndinasankha HIFU, ayi. Inandipatsa zaka pafupifupi zitatu thupi langa lili lonse. Chimene ndimadandaula n'chakuti pondifotokozera anakhalitsa pa zabwino, za kubwerera kwa khansa anangodutsapo mwachangu, inenso makutu anga ankangofuna kumva zokoma. Ndikanadziwa kuti ndalowa ukwati ndi chipatala, sindikanadumphitsa maulendo aja.

A Kamanga, Tembisa:
Pepani akulu, sindimadziwa kuti inabwerera. Sindinafunse monyoza.

A Chirwa, Randburg:
Palibe kanthu achimwene, munafunsa zoona. Inu munalipira mtengo wanu poyamba, ine ndinalipira pambuyo.

Sisitala Nankhoma, Kempton Park:
Zimene zinawachitikira a Chirwa si zachilendo, ndipo mabuku amanena. Ku Britain anatsatira amuna 625 amene anawotchedwa mbali imodzi ndi HIFU, lipoti lake linatuluka mu 2018. Patatha zaka 5, amuna 88 pa 100 aliwonse anali asanafunike opaleshoni, radiotherapy kapena mankhwala a thupi lonse, ndipo 98 pa 100 sankavala thewera. Koma lipoti lina la mu 2022, la amuna 1,379, linaonetsa kuti pofika zaka 7 chiwerengero choyamba chija chinali 69 pa 100. Ndipo m'gulu la amene amawerengedwa kuti zawayendera muli ena amene anachita kuwotchedwa kachiwiri. Ndiye mukuona, pa nkhani ya mkodzo ndi ya kuchipinda HIFU imasunga munthu bwino, koma mwayi woti mudzafunikenso chithandizo china ndi weniweni. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a matenda a mkodzo ku Ulaya limalangiza kuti njirayi izichitika pamene odwala akulembedwa m'kaundula ndi kutsatiridwa mwa kafukufuku. Opaleshoni ndi radiotherapy zili ndi umboni wa zaka zambiri kuposa HIFU.

Kuopsa kwina kumene muyenera kukudziwa, ngakhale sikuchitika kawirikawiri: njira ya mkodzo imatha kuchita chipsera n'kupanikizika, ndipo mwa apo ndi apo pamabooka kabowo pakati pa thumbo ndi njira ya mkodzo, kamene kamafuna opaleshoni yaikulu kuti katsekedwe. Komanso khansa ikabwerera pambuyo pa HIFU, opaleshoni imatheka koma imavutirapo chifukwa cha zipsera za mkati.

A Mbewe, Rosettenville:
Mutu wanga wazungulira. Dzulo ndinagona nditasankha HIFU, lero sindikudziwanso. Adokotala anati ndisachedwe kwambiri. Kodi ndikakhala mwezi ndikuganiza, sindidzipha ndekha?

Sisitala Nankhoma, Kempton Park:
Za nthawi afunseni adokotala anu kuti akuuzeni chiwerengero cha masabata, osati kungoti musachedwe. Koma khansa ya 3+4 yomwe ili malo amodzi kawirikawiri imayenda pang'onopang'ono, si moto wa kutchire. Kafukufuku wa ProtecT ku Britain anatsatira amuna 1,643 amene khansa yawo inali isanafalikire. Ena anachitidwa opaleshoni, ena radiotherapy, ena ankangowayang'anira. Patatha zaka 15, pafupifupi 97 pa 100 anali asanamwalire ndi khansayi, mosatengera gulu limene anali. HIFU munalibemo mu kafukufuku ameneyo, koma akutiuza kuti munthu amene wapezeka msanga ngati inu ali ndi mpata wokhala pansi n'kuganiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Kaonaneninso ndi dokotala wa radiotherapy, chifukwa dokotala aliyense amayamikira khasu limene amalimira.

A Zimba, Cosmo City:
Abale, bwanji osayesa kaye zachilengedwe? Kuli munthu amene ndikumudziwa amasakaniza chammwamba, nimu ndi mizu ina yochokera kumudzi, anthu ambiri akumuyamikira. Makina owotcha mkati mwa munthu ine ndikuona ngati n'zoopsa.

A Kamanga, Tembisa:
A Zimba, malume anga ku Mzimba anamwa mizu chaka chathunthu. Mkodzo unkayendako bwino masiku ena, iwo n'kumati achira. Pamene tinapita nawo kuchipatala inali italowa kale m'mafupa. Chammwamba idyani ngati ndiwo, n'chabwino m'thupi, koma musamuuze munthu amene khansa yake yapezeka nthawi yabwino kuti adikire.

A Zimba, Cosmo City:
Ndamva akulu. Ndimangofuna kuthandiza.

Lachitatu madzulo

Che Yusufu, Mayfair:
Tsopano ndifunse zanga. Akulu anga ali ku Mangochi, zaka 67. Anawayeza mwezi wa Ramadan, PSA akuti yapitirira 300. Msana ukuwapweteka kwambiri, usiku sagona, ayamba kuyenda ndi ndodo. Ine nditamva za HIFU-yi kwa mnzanga wa kuntchito ndinati ndigulitse galimoto, ndiwakweze basi abwere kuno adzawotchedwe. Pasipoti ali nayo. Kodi ndiyambire pati?

Sisitala Nankhoma, Kempton Park:
Che Yusufu, ndikupemphani, galimoto musagulitse ndipo pa basi musawakweze. Ndilankhula mosapsatira chifukwa nthawi ndi yofunika. PSA yokwera chonchi pamodzi ndi msana wopweteka kawirikawiri zimasonyeza kuti khansa yafika m'mafupa. HIFU imangowotcha za mu prostate, za m'mafupa siingazifike. Mungataye ndalama zonse, iwonso n'kuzunzika masiku awiri pampando wa basi kudutsa Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge ndi msana umene mwina ndi wosalimba.

Chimene chimathandiza pamenepa n'kutseka testosterone, homoni ya mphamvu yachimuna, chifukwa khansayi imadya imeneyo. Amabaya jakisoni monga goserelin pamimba, mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse, apo ayi amachita kaopaleshoni kakang'ono kochotsa mbali ya machende imene imapanga testosterone, pepani mawuwo. Kaopaleshoni kameneka kwathu amachita, ndipo ambiri ululu umachepa m'masiku owerengeka. Sizichiritsa, koma zimagoneka matendawa pansi, ena kwa zaka. Apite ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe kumene kuli chipatala cha khansa.

Afunseni lero lomwe: miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka? Mkodzo ndi chimbudzi akuzigwira? Ngati chimodzi mwa izi chasintha, ndiye kuti mwina chotupa chikukanikiza mtsempha wa mumsana. Zimenezo si zodikira Lolemba, munthu amatha kupuwala m'masiku ochepa.

Che Yusufu, Mayfair:
Ndawaimbira alamu. Akuti mwendo wakumanzere ukuchita dzanzi kuyambira Loweruka, dzulo anagwa pochokera kubafa. Nditumiza ndalama pa Mukuru pompano apeze galimoto.

Sisitala Nankhoma, Kempton Park:
Agone chagada m'galimotomo, asakhale tsonga. Atenge mapepala onse, ndipo akafika anene poyamba za mwendo ndi za PSA, asayambe ndi nkhani ya mkodzo.

Nabanda, Yeoville:
Mchemwali wanga amakhala ku Chitawira, pafupi ndi Queens. Ngati alamu anu alibe kofikira ndiuzeni kumbali, Che Yusufu.

Lachinayi

Yamikani, Midrand:
Moni makolo anga. Ine ndine mwana pagulu pano, koma ndimagwira ntchito yokhudza mapepala a medical aid (inshulansi ya chipatala), ndiye ndithandizeko a Mbewe pa za ndalama. Malamulo a dziko lino, Medical Schemes Act ya 1998, ali ndi mndandanda wa matenda amene medical aid iliyonse iyenera kulipira, amati PMB. Khansa yochizika ili m'gulu limenelo. Koma samalani apa: chimene amakakamizidwa kulipira ndi chithandizo chofanana ndi chimene chimaperekedwa m'zipatala za boma. Njira yatsopano ngati HIFU akhoza kuikana, kapena kulipira gawo lochepa. Musagone pa tebulo musanalandire chilolezo cholembedwa. Pemphani adokotala akulembereni mtengo wa chilichonse payekhapayekha: iwowo, dokotala wogonetsa tulo, chipinda cha opaleshoni, makina. Nambala ya matendawa pa mafomu ndi C61, onetsetsani kuti yalembedwa, ndipo lembetsani ku pulogalamu yawo ya khansa. Muwerengerenso ma MRI ndi biopsy za m'tsogolo, chifukwa monga anenera a Chirwa, zimenezo sizitha. Akakukanani mopanda chilungamo, madandaulo amapita ku Council for Medical Schemes, ndipo kudandaula n'kwaulere.

A Chirwa, Randburg:
Mwana uyu wanena zoona. Ine medical aid inalipira bedi ndi dokotala wogonetsa, za makina ndinalipira ndekha. Ndalama imene ndinasungira malata ndi simenti za nyumba ya ku Nkhotakota inathera pamenepo. Nyumbayo ikadali pa lintala.

A Phiri, Diepsloot:
Ndakhala chete chifukwa nkhani za medical aid kwa ena a ife zili ngati za kumwamba. Ine ndimagwira maganyu a zomangamanga, zaka 54. Bambo anga anamwalira ndi vuto la mkodzo ku Dedza, sitinadziwe dzina la matenda ake. Inenso mkodzo wayamba kuchedwa kutuluka. Ndikawerenga za HIFU ndimangoti bola ndisayezetse n'komwe, ndidziwirenji chinthu choti sindingakwanitse? Komanso masiku ano ena amatsekereza alendo pa mageti a kiliniki.

A Kamanga, Tembisa:
A Phiri, opaleshoni yanga ija inachitikira ku chipatala cha boma, medical aid ndinalibe. Ndinayambira ku kiliniki, anandipatsa kalata. Kudikira kunalipo, kupirira kunafunika, koma ndinathandizidwa ndi madokotala odziwa ntchito. HIFU si chipata chokhacho cholowera ku moyo. Ngati mukuopa kupita nokha, tsiku langa lopuma ndi Lachiwiri, ndikuperekezani.

Sisitala Nankhoma, Kempton Park:
Bambo Phiri, kuchedwa kwa mkodzo pa msinkhu wanu nthawi zambiri si khansa, ndi prostate yongokula ndi ukulu, ndipo pali mapiritsi ake. Koma simungadziwe osayezetsa. Khansa yoyamba kumene nthawi zambiri siionetsa chizindikiro chilichonse. Amuna akuda ali pa chiopsezo chachikulu, ku Britain amawerengera kuti mmodzi mwa amuna akuda 4 adzapezeka nayo pa moyo wake, pamene kwa amuna onse ndi mmodzi mwa 8. Kuno Prostate Cancer Foundation of South Africa imalangiza amuna akuda ndi amene kwawo kuli mbiri ya matendawa kuti ayambe kuyezetsa pa zaka 40. Ndi magazi a pamkono chabe poyamba. Kiliniki ikaona chokayikitsa imakutumizani ku zipatala zazikulu monga Helen Joseph, Chris Hani Baragwanath kapena Charlotte Maxeke, ndipo radiotherapy ya boma mu Johannesburg imachitikira ku Charlotte Maxeke. Ma laboratory a pulaiveti nawonso amayeza PSA munthu akalipira yekha.

Kumbukirani a Desmond Tutu. Anawapeza nayo mu 1997, anakhala ndi moyo mpaka 2021, ndipo sankabisa. A Mandela anapangidwa radiotherapy mu 2001. Koma a Hugh Masekela inawatenga mu 2018 mumzinda uno momwe. Matendawa sasankha, chimene chimasiyana kwambiri ndi nthawi imene apezekera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bambo.

A Phiri, Diepsloot:
A Kamanga, Lachiwiri lomwelo. Ndikutumizirani nambala kumbali.

Lolemba lotsatira

A Mbewe, Rosettenville:
Mwadzuka bwanji abale. Lachisanu ndinabwerera kwa adokotala, ulendo uno ndi mayi, ndipo mafunso onse a Sisitala tinawalemba pa pepala. Prostate yanga akuti ndi mamililita 34, chotupa chili kumbuyo kumanzere, timiyala mulibe. Ndiye HIFU ndi yotheka, angawotche mbali imodzi. Nditafunsa za kubwerera kwa khansa sanazembe, anati ndiyembekezere PSA miyezi itatu iliyonse, MRI pakatha chaka, mwinanso biopsy ina, ndipo ngati ndili munthu wotopa msanga ndi mizere ya kuchipatala ndisasankhe njira imeneyi. Anandipatsa masabata 8 oti ndiganize. Medical aid yayankha kuti makina salipira.

Kunyumba sitinagwirizane. Mayi akuti ndichotse chinthucho chonse tipume, thewera achapa. Ine ndikuopa theweralo kuposa mmene ndikuopera MRI ya chaka ndi chaka, chifukwa ntchito yanga ndi yoyendetsa thiraki, Durban ndi kubwerera, ndipo sindikudziona ndikusintha thewera pa Harrismith. Koma ndalama ya makinayo ndi ya sukulu ya mwana wathu wotsiriza. Lachinayi likudzali ndikaonana ndi dokotala wa radiotherapy, akuti pali njira inanso yoika timbewu ta radiation mkati mwa prostate imene medical aid ingalipire. Ndikufuna ndimve mbali imeneyo ndisanasaine chilichonse.

Dzulo ndinaimbira mng'ono wanga wa ku Kasungu, ali ndi zaka 52. Ndinamuuza zonse, ndamutumizira ndalama yoyezetsera.

A Chirwa, Randburg:
Lachinayi ndili pa holide. Ngati mayi sangathe kuchoka ku ntchito, ndibwera ndikutengeni. Radiotherapy ndinadutsamo, pali mafunso amene ine ndinaiwala kufunsa, a za m'matumbo ndi za jakisoni uja. Ndikakhala pambali panu ndikukumbutsani.

A Mbewe, Rosettenville:
Mayi sangathe, abwana awo anawapatsa kale Lachisanu lija. Nthawi ndi 10 koloko mmawa, akulu.

Che Yusufu, Mayfair:
Ndipereke nanenso lipoti. Akulu anafika ku Queens Lachinayi mbandakucha, anawagoneka. Ayamba kulandira mankhwala ndipo ululu wachepako, usiku wathawu agona. Mwendo ukadali wolemera koma zala akugwedeza. Alamu akufikira kwa achemwali a Nabanda. Sisitala, madokotala atchula za kaopaleshoni kaja, akulu akukana, akuti bola jakisoni. Kodi ndingakuimbireni madzulo kuti mulankhule nawo pa foni ya alamu? Mwina inu akumverani.

Sisitala Nankhoma, Kempton Park:
Ndiweruka 7 koloko. Imbani cha m'ma 8, ndipo alamu akhale pafupi ndi buku lawo la kuchipatala kuti andiwerengere zimene zalembedwamo.